Thabwa Limene Amayi Anaviika M'madzi

Amalume anga anabwera kuchokera ku Joni ndi jekete lachikopa, wailesi yomveka mpaka kudambo, ndi karate. Jeketelo analidya makoswe, wailesi inangoti zii mabatire atasowa, koma karate inakhalitsa m'mudzi mwathu kuposa momwe aliyense ankaganizira.

Iwowa anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono. Anachoka ali kamnyamata koonda, n'kubwerako ndi khosi ngati la ng'ombe yapangolo, zaka zija boma linaitana anthu a kumigodi kuti abwerere kwawo. Masewerowo ankati anawaphunzira mukomboni kwa mnzawo amene ankagona naye chipinda chimodzi. Kwathu ndi kumapiri a ku Lobi, kumene m'mwezi wa Juni madzi a mumtsuko amaluma mano, ndipo anyamata akatha kukolola chimanga ndi nyemba amangoyendayenda kusowa chochita. Ndiye amalume atayamba kudumphadumpha kuseri kwa tchalitchi Lamulungu lililonse Misa ikatha, sanavutike kupeza owatsatira.

Ine ndinalowamo chifukwa cha ukali, ndipo ukaliwo ndikadali nawo mpaka lero, ana anga angakuuzeni. Ndinali mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zinayi. Tsiku lina ndinaima n'kumaonerera, ndipo mwana wa akatekisi, mnyamata wamtali kuposa onse m'gulumo, anandiuza kuti ndichoke chifukwa pamenepo sipanali pamtondo. Anzake anaseka. Ine sindinachoke. Ndinapita kwa amalume n'kugwada.

"Amalume, ndikufuna ndiziphunzira nawo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Amayi ako akudziwa?"

"Adziwa mukawauza inuyo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo madzulo ake anabweradi kunyumba. Amayi anakana kwamtuwagalu. Koma kwathu amalume ndiwo eni mbumba, akanena anena. Abambo, pokhala mkamwini, anangoweramira mpini umene ankasema, ngati nkhaniyo ikukambidwa m'mudzi wina.

Vuto loyamba linali la zovala. Masiku amenewo mkazi sankavala buluku, linali lamulo la dziko, ndipo diresi linkayenera kubisa maondo. Anyamata achipani anali ndi maso akuthwa pa zimenezi kuposa pa china chilichonse. Tsono munthu ungaponye bwanji mwendo m'mwamba uli mudiresi ndi chitenje, kuseri kwa tchalitchi, akatekisi akusuzumira pawindo? Amalume anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Iwe miyendo yako izikhala pansi. Ntchito yako ndi manja." Anakumbira chipika pansi pa mtengo wa pichesi n'kuchikulunga chingwe cha khonje. Nthawi yonse imene anyamata ankaponya mateche, ine ndinkakhala pachipikacho, kutsitsa chibakera kuchokera pamwamba n'kumenya ndi m'mbali mwake. Poyamba ndinkalira mobisa, chifukwa ndinkaona kuti andipatula ngati wamphere. Khungu linasupuka, linapola, linasupukanso, kenako linauma ngati chidendene.

Tsiku lina amalume anaima kumbuyo kwanga n'kundifunsa kuti, "Ukamasinja, musi umaulunjika pa chimanga chapamwamba kapena pansi pa mtondo?"

"Pansi pa mtondo."

"Basitu. Ndi thabwa chimodzimodzi. Dzanja lako lizifuna dothi limene lili pansi pake."

Tsono ndinene za thabwalo. Kwathu thabwa silinali choseweretsa. Thabwa linali chitseko, benchi la m'tchalitchi kapena bokosi la maliro, ndipo munthu wothyola matabwa Lamulungu lililonse akanamumanga zingwe ngati wamisala. Amalume anali ataona ku Joni thabwa lothyoka n'kubwereranso, ndiye anapanga lawo. Anapeza zidutswa ziwiri za paini zokhuthala ngati chibenthu cha buledi. China anachisema lilime m'mbali mwake monse, china anachigoba kamwa, ndipo lilime likalowa m'kamwa zinkaoneka ngati thabwa limodzi. Tinkaliika pamwamba pa milu iwiri ya njerwa. Ukalimenya bwino pakati, lilime linkatuluka m'kamwa ndi phokoso lokoma, zidutswa n'kugwera pansi, amalume n'kutola n'kulumikizanso. Kuti likhale lolimba, poyamba penipeni ankatsindira makoko a chimanga m'kamwamo ndi nsonga ya mpeni. Munthu aliyense akamenya, makoko ena ankagwa.

Apa ndiye panali ponyansa pake. Kwathu akulu ndiwo amayamba, monga momwe timasambira m'manja tisanadye: wamkulu amapeza madzi oyera, wamng'ono amapeza matope. Mwana wa akatekisi ankayamba, kenako anzake motsatana misinkhu, ndipo ine ndinkamaliza. Pofika kwa ine makoko onse anali pansi, lilime likugwedera ngati dzino la nkhalamba. Ndinkamenya ndi mphamvu zanga zonse, thabwa n'kugawika, koma palibe ankatembenuka n'komwe.

"Thabwa latopa," mwana wa akatekisi ankatero. "Pofika apa ngakhale nkhuku itakwerapo likhoza kuthyoka."

Mawu amenewo ankandiwawa kuposa khonje. Ndinkawamva potunga madzi, ndinkawamva pofukula mbatatesi, ndinkawamva ngakhale pa Misa. Ndinapempha amalume kuti tsiku limodzi lokha ndiyambe ine. Anayankha kuti akatero anyamatawo achoka, ndipo atsala ndi ine ndekha ndi chipika.

Nkhani ya thabwa lotopa inafika kwa amayi kudzera kumjigo, monga nkhani zonse zimachitira. Tsiku lina tikutola nyemba anandigwira dzanja, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Taona dzanja ili. Ngati la mwamuna wosula makasu. Ndipo ndikumva kuti umangomaliza zotsala za anzako. Ukuwonongeranji thupi pachabe? Wakula tsopano. Misa ya masika ikadutsa, zimenezi zithe. Achimwene ndikambirana nawo, ulendo uno sandigonjetsa."

Ndinadziwa kuti sakuseka. Amalume akanatha kulamula za mwana, koma za namwali mawu omaliza anali a amayi.

"Nanga nditalithyola lisanatope, amayi?"

"Lisanatope? Iweyo?" Anaseka. "Ukatero ndidzakusiya upitirize."

Ankadziwa kuti mwayi umenewo sindidzaupeza. Koma Mulungu ali ndi njira zake, ndipo ulendo uwu anadzera mwa atcheya a chipani a m'dera lathu. Iwo anamva kuti kuseri kwa tchalitchi anyamata akuphunzira ndewu, ndiye anatumiza mawu ofunsa kuti akukonzekera kumenyana ndi ndani. Masiku amenewo funso lotere silinali loseka nalo. Amalume anayankha mwaulemu kuti ndi masewero olimbitsa thupi basi, ndipo anawaitana kuti adzaone okha pa tsiku la Misa ya masika, pamene abambo mfumu ankabwera kuchokera kuparishi kudzadalitsa zokolola.

Pokonzekera tsikulo, mwana wa akatekisi anakumbutsa amalume kuti pamsonkhano zinthu zimayenda mosiyana. Pamaso pa alendo, ang'onoang'ono ndiwo amayamba, wamkulu amatseka, monga momwe atcheya amalankhulira pomaliza. Iye ankafuna anthu apite kwawo akukamba za iye. Amalume anavomera, ndipo ananditsinzinira diso. Woyamba ndinali ine. Ndinathamanga ulendo wonse wobwerera kunyumba, thabwa lili pamutu, chifukwa linkasungidwa kwathu kuseri kwa chitseko popeza nyumba ya amalume inkadontha.

M'mawa wa tsikulo ndinadzuka chifunga chitakuta phiri. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, thabwa palibe. Ndinalipeza panja litatsamira nkhokwe, loyera mbuu ngati latsopano. Nditalinyamula linali lozizira ndi lolemera ngati mwana wogona.

Amayi anatuluka m'khitchini akumwetulira, monyadira ntchito yawo.

"Ndalikonza," anatero. "Chinthu chakuda bii chonchija mukaonetse abambo mfumu? Ndiponso chimagwedera. Anthu akanati achimwene sadziwa kupala matabwa. Ndalikwecha ndi mchenga dzulo, ndipo lagona padziwe limodzi ndi khasu la abambo ako, nditalipsinja mwala. Taligwedeza uone ngati likuchitanso zija."

Aliyense kwathu amadziwa kuti khasu likamagwedera mumpini, umaliviika m'madzi, mtengo umafufuma n'kuligwira zolimba. Amayi anangochita zimene mayi aliyense wosamala akanachita ndi chinthu chogwedera. Sanabwerepo kudzaonerera ngakhale tsiku limodzi, ndipo sankadziwa kuti makoko a chimanga ndiwo ankalimbitsa thabwalo pamlingo wake. Ndinaliponda mbali imodzi n'kukoka inayo ndi manja awiri. Silinasunthe. Mzere wa polumikizira unali utatsekeka moti ngakhale singano sikanalowa.

Ndinafuna kukalipa, koma ukalipira bwanji amayi ako atakuchapira chinthu? Ndinangokhala pansi pa nkhokwepo mtima ukuwira. Ndinali nditalirira kuyamba miyezi yonseyi. Walira mvula walira matope.

Misa inatalika tsiku limenelo. Anthu anapereka madengu a chimanga, nyemba, mbatatesi, maungu, wina mpaka nkhuku yomanga miyendo imene inalira nthawi yonse ya ulaliki. Titatuluka, anthu anazungulira bwalo la kuseri kwa tchalitchi. Abambo mfumu ndi atcheya anakhala pamipando, amayi a kwaya pamphasa, ana pamwamba pa mtengo wa pichesi. Anyamata anayamba ndi mateche awo ndi kukuwa kwawo, ndipo anthu anawomba m'manja. Kenako amalume anatulutsa mpeni ndi makoko, n'kunyamula thabwa. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Analitembenuza, analinunkhiza, anayesa nsonga ya mpeni pamzere, kenako anandiyang'ana.

"Achita ndani?" anafunsa chapansipansi.

"Amayi. Akuti limagwedera."

Anatseka maso kwakanthawi. "Achemwali anga, achemwali anga." Kenako anati, "Ili silitseguka lero. Ndinene kuti ukudwala dzanja, tiyese kudutsa ndi zina."

"Ayi, amalume. Mukatero ndiye kuti ndasiya lero lomwe."

Ankadziwa za pangano langa ndi amayi. Anandiyang'anitsitsa, kenako analiika panjerwa n'kubwerera m'mbuyo.

Nditalowa m'bwalo ndi diresi langa la kutchalitchi ndi chitenje chomanga zolimba m'chiuno, anthu anayamba kung'ung'udza. Atcheya anaweramira kwa abambo mfumu n'kunena mokweza ndithu kuti, "Ndi atsikana omwe?" Ndinagwada bondo limodzi, ndinakweza chibakera, ndinatsitsa. Thabwa linangolira kuti du, ngati ng'oma yonyowa. Ululu unakwera mpaka m'khutu. Anthu anaseka, ena mwachisoni, ena mosangalala ndithu. Sindinayang'ane kumene kunali amayi.

Mwana wa akatekisi anabwera akugwedeza mapewa. "Tapatuka, ndikutsegulire kaye," anatero. Amalume anafuna kumuletsa koma iye anali atakweza kale dzanja. Anamenya. Thabwa silinamve kanthu. Anaseka pang'ono, analavulira m'manja, anakuwa mokweza kuti amve ndi a kutsidya, n'kumenyanso. Ulendo uno anabisa dzanja kukhwapa n'kuyamba kuyenda mozungulira ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Anyamata enawo anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Atcheya anafunsa ngati zimene anawaitanira zinali zomwezi.

Kunena zoona, mtima wanga unakondwa kumuona akuzungulira chonchija. Koma ndinaonanso amalume ataima okha pakati pa bwalo, mpeni ndi makoko zili m'manja, thukuta likutsika m'kuzizira konse kuja. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ndinabwerera pathabwa popanda wondiitana.

Anyamatawo ankamenya thabwa kamodzi pa Lamulungu, nthawi yotsalayo n'kumaponya miyendo. Ine ndinali nditamenya chipika chosathyoka kuyambira nthawi ya dzinja mpaka masika, ndipo chipikacho sichinandilonjezepo kuti chitseguka. Ndinagwadanso. Sindinayang'ane mzere wa pakati uja. Ndinasuzumira pansi pa thabwa, pakati pa njerwa, pamene panali dothi lofiira ndi khoko limodzi la chimanga limene amalume anagwetsa. Ndinati dzanja langa likatole khoko limenelo. Ndinakweza chibakera monga ndimakwezera musi, ndi msana womwe, ndi chiuno chomwe, n'kutsika nacho thupi lonse.

Phokoso lake silinali lija tinalizolowera. Linali lakuthwa, ngati nthambi ikuthyoka ndi mphepo. Ndinapezeka chibakera changa chili padothi, zidutswa ziwiri zitaima mbali ndi mbali ya mkono wanga, ndipo fungo la utomoni wa paini linandilowa m'mphuno.

Amalume anatola zidutswazo. Lilime linali likadali m'kamwa, logwira zolimba monga amayi analisiyira. Thabwalo linali litathyoka pambali pake, pamtengo weniweni, ndipo pothyokapo panali poyera, paminga, ponyowa. Anazikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

Mnyamata wina kumbuyo anayamba kunena kuti mwina anzake aja anali atalifooketsa. Mwana wa akatekisi ndiye anamudula, dzanja likadali kukhwapa.

"Iwe khala chete. Ili silinatope. Ndalilawa ndekha."

Pamenepo ndinamva nthungululu, ndipo ndinaidziwa mwini wake ndisanatembenuke. Amayi anali atadzuka pamphasa, akubwera pakati pa bwalo chovina, mpango utagwera paphewa. Anafika pamaso pa abambo mfumu ndi atcheya, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kunena mokweza kuti amve onse:

"Thabwa limeneli ndinaliviika ndine. Lagona padziwe ndi khasu. Khasulo pitani mukaligwedeze ngati mungathe. Ndipo wathyolayu ndi mwana wanga."

Amayi a kwaya anayamba nyimbo, ana anatsika mumtengo n'kumalimbirana kugwira zidutswazo. Abambo mfumu anaseka mpaka kuvula magalasi. Atcheya anaitanitsa chidutswa chimodzi, anachiyesa kulemera, anachikanda ndi chikhadabo, kenako ananena kuti masewero otere ndi abwino chifukwa amalimbitsa manja olimira. Nkhani ya ndewu inathera pomwepo. Abambo anga, amene sindinawaone n'komwe kuti analipo, anadutsa pafupi nane n'kundigwira pamutu kamodzi, n'kupitirira ulendo wawo.

Ine ndinangoima pakati pa anthuwo, dzanja likugunda ngati lili ndi mtima wakewake, ndikusekerera ngati chitsiru. Ndakhala ndi masiku ena okoma m'moyo wanga, la ukwati, la kubadwa kwa ana, koma amenewo ndinagawana ndi anthu ena. Chimwemwe cha tsiku ili chinali changa ndekha, ndipo sindinachite nacho manyazi.

Amalume okha ndiwo anali ndi maliro pang'ono. Pobwerera kunyumba ankayang'ana zidutswa zawo n'kumapukusa mutu.

"Thabwa limeneli linapirira anyamata onse a m'mudzi muno," anatero. "Lafa ndi mayi ndi mwana wake."

"Mukanapala lolimba poyamba pomwe, achimwene," amayi anayankha. Mpaka imfa yawo sanavomere kuti kugwedera kuja kunali kwadala. Chidutswa chachikulu anachilanda pomwepo n'kuchisandutsa chivundikiro cha mtsuko, ndipo mlendo aliyense wopempha madzi kwathu ankamwa ndi nkhani yake yomwe. Amalume anapala thabwa lina patapita milungu ingapo, ndipo limenelo ankalisunga okha m'nyumba yawo yodontha ija.

Madzulo a tsikulo dzanja langa linatupa mpaka zala kukanika kupindika. Amayi anafunditsa madzi, anathiramo mchere, n'kundikhazika pakhonde. Analigwira dzanjalo mosamala, lomwe lija ankati ndi la wosula makasu, n'kuliviika mubeseni. Anakhala nalo choncho nthawi yaitali, akulisisita ndi chala chachikulu pamene khungu linauma. Ndinkadikira kuti anene za pangano lathu, koma ndinkaopa kuyambitsa.

"Chitenje chija chimakupinga pogwada," anatero pomaliza. "Ndikusokera siketi yaitali, yotakasuka. Ndipo Lamulungu likubwerali udzapite molawirira. Ndawauza achimwene kuti uziyamba ndiwe."